Nkhumba ya Banja Losakangana

"Ine ndi mayi akunyumba, chikwatiranireni sitinakanganepo. Ngakhale kukwezerana mawu kokha."

A Masauko anali akuthira tiyi m'makapu a pepala pamene mawuwa anawapeza chakumbuyo. Sanacheuke. Anangopitiriza kuthira mpaka kapu ya wansembe wawo, Bambo Kalisto, inasefukira pathebulo.

Linali Lamulungu masana, Misa ya Amalawi itangotha, m'holo ya parishi ina ku Crumlin, mumzinda wa Dublin. Wolankhulayo anali a Douglas, munthu wa ku Zomba amene anabwera ku Dublin pa sikolashipu kudzaphunzira mbiri ya ku Mangalande ya zaka mazana asanu ndi limodzi zapitazo. Chimene chinachititsa munthu wamoyo kuwoloka nyanja kudzafufuza za Angerezi amene anafa kalekale, komanso kudzafufuzira m'dziko la Aairishi, palibe anali atalimba mtima kuwafunsa. Ankavala sikafu m'khosi ngakhale pakudya, ndipo anthu anali atayamba kale kuwatchula kuti Dokotala ngakhale digiriyo inali isanapse.

"Ndikanakhala ku Mangalande nthawi imeneyo," a Douglas anapitiriza, "bwenzi ndikudya nkhumba yaulere chaka ndi chaka. Kuli mudzi wina wotchedwa Dunmow. Amonke a kumeneko anali ndi mwambo wawo. Munthu akabwera n'kulumbira kuti kwa chaka chathunthu ndi tsiku limodzi sanakangane ndi mkazi wake, ndiponso sanalakelakepo mumtima kuti bola akanapanda kukwatira, ankamupatsa chibanthu chonse cha nkhumba yothira mchere."

"Kungolumbira basi?" anafunsa Fredrick, mnyamata wophunzira za makompyuta amene ukwati wake unali mu Ogasiti. "Ndiyetu nkhumba zikanatha."

"Ayi, achimwene. Ankagwada pa miyala iwiri yosongoka, mudzi wonse ukuonerera, mpaka lumbiro lithe. Ndipo pankadutsa zaka zambirimbiri popanda woitenga."

Amayi amene anawazungulira anati "eee" onse pamodzi. A Masauko anapukuta thebulo pang'onopang'ono. Mitengo yoyandikana siilephera kukwechana, anadziuza mumtima, pokhapokha ngati umodzi uli wouma.

A Masauko anali nkhoswe. Malipiro ankalandira ku nyumba ina yosamalira okalamba ku Finglas, koma ntchito yawo yeniyeni inali unkhoswe. Ku Dublin amalume a munthu ali kutali, ndipo banja likapsa silingadikire ndege yochokera ku Lilongwe. Choncho kwa zaka pafupifupi khumi, mnyamata aliyense wofuna kukwatira ankagogoda kwa a Masauko, ndipo nyumba iliyonse imene mbale zayamba kuuluka inkaimbira foni a Masauko. Anali ndi jekete lotuwa la ntchito imeneyi yokha. Sabata yomweyo anali atalipititsa kale kochapitsa, pokonzekera za Fredrick.

Fredrick yemweyo anafika pathebulo la tiyi akukanda m'mutu.

"Ankolo, za chinkhoswe chija. Ine ndi Julia takambirana. Tapempha a Dokotala kuti aimirire kuchimuna."

"A Dokotala ati? Pali wodwala?"

"A Douglas, ankolo. Musandimve molakwa. Kungoti Julia akuti tiyambe ndi munthu wa banja lachitsanzo."

"Ndiye langali ndi la chiyani?"

"Lanu ndi labwino, ankolo." Fredrick anayang'ana nsapato zake. "Kungoti limamveka."

A Aggie, akazi awo a Masauko, anali pafupi akutolera makapu, ndipo monga mwa chizolowezi chawo sanalole mawu abwino adutse okha.

"Mwamva anzanu, bambo a Deborah? Osakwezerana mawu. Enafe tinakwatiwa ndi wayilesi."

A Masauko anaika ketulo pansi. Anadutsa pakati pa mipando, naima kutsogolo kwa a Douglas, manja ali kumbuyo ngati mphunzitsi wamkulu, poti kwawo ku Ntcheu anakhalapo wachiwiri wake.

"A Dokotala, nkhumba ija ndigula ndine."

"Iti, achimwene?"

"Ya ku Dunmow. Pa chikondwerero cha ufulu mu Julaye, m'holo muno. Miyala ndibweretsa. Mukalumbira pamaso pa anthu onsewa, chibanthu cha nkhumba ndi chanu, unkhoswe wa Fredrick ndi wanunso. Mukalephera, nkhumba tidya tonse, ndipo unkhoswe musiyire eni ake."

A Douglas anaseka, nakonza sikafu. "Palibe vuto. Ndilumbira ngakhale mawa."

"Ndi mayi omwe," anatero a Masauko.

"Aa, kwenikweni, m'zaka zoyambirirazo ankalumbira ndi mwamuna yekha."

"Kumeneko ndi ku Dunmow. Kuno ndi ku Crumlin."

Onse anacheukira pakona. A Daphne, akazi awo a Douglas, namwino wa pa chipatala chachikulu cha ku St James's, anali pampando atavala jasi, chibwano chili pachifuwa, akuwodzera. Sanakane.

Bambo Kalisto, amene anali atakhala ku Ireland nthawi yaitali moti zosangalatsa zaulere sankazikana, anavomera kukhala mkulu wa amonke. Fredrick, mwini ukwati, palibe anamufunsa maganizo.

Kuyambira tsiku limenelo a Masauko anasanduka munthu wokonda kuyenda. Akaweruka kuntchito ankakwera basi kupita m'tauni, kenako sitima ya mumsewu mpaka ku St James's kumene banjalo linkakhala, n'kumadutsadutsa pansi pa zenera la a Douglas, ati kuwongola miyendo. Dublin yonse nthawi imeneyo inali kugumula ndi kumanga, phokoso paliponse, koma pazenera limenelo pankangotuluka bata. Tsiku lina anamva mawu okwera, mtima unagunda mokoma, koma anali anthu a ku Poland a m'nyumba yapansi.

"Mukuonda," anatero a Aggie. "Nsanje ilibe mafuta."

"Si nsanje. Ndikuteteza mwambo."

"Mwambo wa Angerezi?"

A Masauko anaona kuti kudikira kokha sikuthandiza. Zaka khumi za unkhoswe zinali zitawaphunzitsa kumene moto wa banja umayambira, ndipo amene amadziwa kuzimitsa amadziwanso kuyatsa. Anaitana a Douglas ndi akazi awo kudzadya ku Finglas Lamulungu lina masana.

A Aggie anaphika mpunga ndi nkhuku. A Douglas asanakhale n'komwe pansi, anayang'ana mbale n'kufotokoza kuti olemera a ku Mangalande kale ankadyera pa buledi wouma m'malo mwa mbale, ndipo akatha ankapereka buledi wonyowa ndi msuziyo kwa osauka.

"Anali anzeru," anatero a Aggie. "Zotsuka zinalibe."

A Masauko anadikira aliyense atenge nthuli, kenako anaponya msampha woyamba.

"Kodi alamu," anatero kwa a Daphne, "mukadzabwerera kumudzi, nyumba mukamanga kuti? Ku Zomba kwa bambowa, kapena kwanu ku Kasungu?"

Funso limeneli linali litaswapo mabanja atatu pamaso pawo. A Daphne anabisa kuyasamula ndi dzanja.

"Kulikonse, alamu. Bola mukhale bedi."

"Nkhani ya nyumba ndi yochititsa chidwi," a Douglas analowererapo. "Mlimi wamba wa nthawi imene ndikuphunzirayi ankamanga ya mitengo ndi dothi, denga la udzu, utsi n'kumatulukira padenga pomwepo. M'madera ena ng'ombe zinkagona mbali ina ya nyumba yomweyo. Ndipo munda sunali wake. Masiku angapo pasabata ankakalima kwa mwini malo osalandira kanthu."

"Thangata," anatero a Aggie.

"Thangata weniweni, mayi. Anabwera naye kwathu atamuyesa kale pa abale awo."

A Masauko anaponya msampha wachiwiri. "Nanga achibale? Ndimamva kuti a Dokotala ali ndi azichemwali ambiri. Mafoni sakuvutitsani, alamu?"

"Foni ndimazimitsa masana," anatero a Daphne.

Msampha wachitatu sanafike pouponya. A Aggie anaika supuni pansi.

"Poti mwayambitsa za nyumba ndi achibale, bambo a Deborah, ija ya ku Ntcheu ili pati? Munati ikhala itafoleredwa mvula isanagwe."

"Zimenezo tikambirana alendo akapita."

"Alendo ati? Awa ndi abale. Malata aja ali kuti?"

"Overstone anangobwereka."

"Malata amabwerekedwa? Ndi khasu? Mng'ono wanu wafolerera golosale yake, ine makoma anga akusungunuka ndi mvula!"

"Anga, anga! Njerwa anaumbitsa ndani?"

"Nanga anagwira ntchito Khirisimasi ziwiri zotsatizana ndani?"

Zinayenda bwino kwambiri, ngati kwaya yozolowerana. Anafika mpaka pa njinga imene a Masauko anagulitsa asanakwatirane. Ali mkati mokumbutsa a Aggie za mchemwali wawo amene anakhala m'nyumba mwawo miyezi yambiri osagulako ngakhale sopo, a Masauko anazindikira kuti a Daphne asiya kuwodzera. Anali tcheru, maso akuchoka kwa uyu kupita kwa uyo, ngati munthu wanjala akuyang'ana pa zenera la lesitilanti.

A Douglas anatsokomola mwaulemu. "Ngati mungandilole, monga nkhoswe."

Mawu amenewa anawalowa a Masauko ngati munga wa m'chidendene.

"Banja ndi kumvetsetsana," a Douglas anatero mofatsa. "Kale ku Mangalande mkangano wa m'nyumba unali nkhani ya mudzi wonse. Mkazi wolongolola ankamukhazika pa mpando wapadera pagulu, kuti achite manyazi."

"Nanga mwamuna wopereka malata kwa mng'ono wake ankamukhazika pati?" anafunsa a Aggie.

"Zimenezo sindinazipeze m'mabuku."

"Fufuzanibe, a Dokotala."

Alendo atapita, a Masauko anatsuka mbale okha. Unali umboni wokwanira kuti agonja, koma iwo ankati madzi ofunda amawathandiza kuganiza. Anaganiza za miyala. Munthu angathe kunama ataimirira, koma bondo lilibe digiri.

Kuseri kwa msewu wawo ankamanga nyumba zosanjikizana, monga ankachitira kuseri kwa msewu wa aliyense chaka chimenecho. A Masauko anapita kukapempha miyala iwiri. Kapitawo wa pamalopo anawaonetsa mulu wonse, akuganiza kuti ndi ya m'dimba la maluwa, ndipo anadabwa kuona bambo wa zaka makumi asanu akusankha mwala uliwonse poukanikiza pa bondo lake. Anasankha iwiri imene inawatulutsa misozi.

Nkhumba anakaitenga m'tauni m'mawa wa tsiku la chikondwerero. Mwini butchala anafunsa ngati ndi ukwati kapena maliro, ndipo a Masauko anati zidziwika madzulo. Anaikulunga m'mapulasitiki akuda, naikweza basi ya ku Crumlin. Nkhumba inakhala pawindo, iwo cha kunjira, miyala ili m'chikwama pamiyendo. A Aggie anakakhala m'chipinda chapamwamba cha basi yosanjikizayo, ati kuti aone bwino mzinda umene anali atakhalamo zaka khumi.

Holo inadzaza kuposa chaka china chilichonse. Anabwera ndi a ku Zambia omwe, amene ufulu wa Malawi sunkawakhudza kwenikweni. Nyimbo ya fuko itaimbidwa ndiponso mandasi atachepa, Bambo Kalisto anakhala pa mpando kutsogolo, mbendera ili kumbuyo kwawo. Nkhumba inagonekedwa pathebulo. A Masauko anayala miyala pansi, nsonga zili m'mwamba, naisuntha kangapo mpaka inakhala monga ankafunira.

A Douglas anabwera atavala suti yakuda. Anayang'ana miyala nthawi yaitali.

"Kwenikweni, akatswiri sagwirizana za kukula kwa nsonga zake."

"Gwadani, a Dokotala," anatero a Masauko. "Akatswiri atipeza."

Anagwada. Nkhope inasintha mtundu nthawi yomweyo. Tsoka lake, lumbiro anali atalikonza okha, ndipo pokhala munthu wosafuna kusiya kanthu, analiyamba ndi mbiri ya nyumba ya amonke ya ku Dunmow. Anafotokoza za mafumu a nthawiyo. Pofika pa mliri waukulu umene unapululutsa anthu ku Mangalande, thukuta linali likutsikira mu sikafu, ndipo mawu anali atakwera ngati a mtsikana wa m'kwaya.

"Dumphani mliri, mwana wanga," anatero Bambo Kalisto. "Fikani pa banja."

"Ndikulumbira kuti kwa chaka ndi tsiku sindinakangane ndi mkazi wanga ndipo sindinalakelake kuti ndikanapanda kumukwatira Mulungu andithandize!" a Douglas anatero ndi mpweya umodzi.

Anyamata awiri anawadzutsa, nawakhazika pa mpando. Anthu anawomba m'manja. A Masauko sanawombe. Manja awo anali otanganidwa ndi kupindidwa pachifuwa.

"Mayi Daphne," anaitana Bambo Kalisto.

A Daphne anali atachokera kuntchito m'mawa womwewo, nsapato zoyera zikadali kumapazi. A Aggie anathamanga ndi chitenje kuti ayale pa miyala, koma iwo anakana ndi dzanja.

"Musavutike, achemwali. Mawondo awa anazolowera simenti ya m'chipatala."

Anagwada osasintha nkhope.

"Kodi mukulumbira kuti kwa chaka ndi tsiku simunakangane ndi amuna anu?"

"Ndikulumbira, Abambo."

A Masauko anamva jekete lotuwa likuwalemera pamapewa. Kunatsala funso limodzi.

"Kodi mukulumbira kuti simunalakelakepo mumtima kuti bola mukanakhala mbeta?"

"Ndikulumbira, Abambo." A Daphne anayang'ana wansembeyo. "Umbeta ndiulakalakirenji, poti ndili nawo kale?"

Wina kumbuyo anazimitsa nyimbo imene inkalira chapansipansi.

A Daphne anadzuka okha, nasasa fumbi pa siketi. Akanatha kubwerera pampando, ndipo mwina anaganizadi zotero, koma a Aggie anali ataima pomwepo ndi chitenje chawo m'manja.

"Achemwali, mwati chiyani?"

"Ndati kukangana kumafuna nthawi, achemwali. Ine ndimagwira naiti. Ndikamafika m'mawa, bambowa amakhala akutseka chitseko kupita ku laibulale. Timapatsana moni pamasitepe. Bedi ndi limodzi, koma timagona mosinthana ngati alonda. Lamulungu tikakumana amandiuza za anthu a ku Mangalande. Ndikangane nawo pa chiyani? Anthu akewo sindiwadziwa." Analoza a Masauko. "Tsiku lija kwanu ku Finglas ndinapita kunyumba ndikudwala nsanje. Bambo awa amamvetsera mawu anu onse, achemwali. Onse, osataya limodzi."

"Amamvetsera kuti apeze poyankha," anatero a Aggie.

"Komabe amamvetsera."

A Masauko, amene chibadwireni anali asanayamikiridwepo pa nkhani imeneyi, anayang'ana kudenga modzichepetsa.

"Daphne," anatero a Douglas ali pampando, manja akusisita mawondo. "Zimenezi si za pagulu."

"Za pagulu ndi ziti? Za mayi wofulula mowa uja mumandiuza sabata iliyonse? Dzina lake mukulidziwa. Mukudziwa kuti anamulipiritsa kangati chifukwa cha mowa wosasa. Anafa zaka mazanamazana zapitazo. Ine ndili moyo. Ndimagwira wodi iti?"

"Daphne."

"Wodi iti, a Dokotala?"

A Douglas anayang'ana Bambo Kalisto, kenako mbendera. "Ya ana."

"Chipatala cha ana chili kuno ku Crumlin. Ine ndili ku mafupa. Anandisamutsira kumeneko chaka chatha."

"Nanga ndikanadziwa bwanji, poti ukafika umangogona!" Mawu a Douglas anakwera mpaka anthu a kukhomo anamva bwinobwino. "Ndimakusiyira tiyi m'fulasiki tsiku lililonse! Unayamba wathokozapo?"

"Wa shuga! Ndinasiya shuga kalekale!"

"Ukanandiuza!"

"Pati? Pamasitepe?"

"Zonsezi ndikuchitira ife!"

"Ife ndani? Inu ndi Angerezi anuwo?"

A Masauko analumpha ngati kuti akhalira imodzi ya miyala yawo. "Mwamva! Abambo, mwamva! Anthu nonse ndinu mboni! Akangana! Nkhumba ndi ya gulu!"

Ena anayamba kale kuyang'ana mipeni. Bambo Kalisto anakweza dzanja, nadikira phokoso lizizire. Anali atavula magalasi, akuwapukuta pang'onopang'ono, ndipo sizinadziwike ngati maso awo anali onyowa ndi kuseka kapena ndi china.

"A Masauko, munafunsa za chaka ndi tsiku. Chaka chimenecho chinatha pamene mayiwa anadzuka pa miyala. Onse awiri alumbira zoona. Ndinamva ndekha, ndipo ndikanakonda zikanakhala kuti ananama. Mkangano uwu ndi wa chaka chatsopano."

"Koma Abambo, sipanathe ngakhale mphindi!"

"Amonke a ku Dunmow sankatsatira nkhumba kunyumba. Lonjezo la mfumu linadulitsa mutu wa Yohane, a Masauko. Inu likungokudulani nkhumba."

"Nanga unkhoswe?"

"Munanena nokha pamaso pa anthu omwewa."

A Masauko anayang'ana Fredrick. Mnyamatayo anali ataima pafupi ndi Julia wake, nkhope ili ngati ya munthu amene wagula galimoto dzulo n'kuiona ikufuka utsi lero. Koma mawu anali atanenedwa, ndipo nkhoswe imene imabweza mawu ake pagulu ikhoza kungogulitsa jekete.

"Perekani, bambo a Deborah," a Aggie ananong'oneza, mokweza ndithu. "Musatichititse manyazi kawiri."

A Masauko anapita pathebulo, nakumbatira chibanthu chija. Chinali cholemera kuposa m'mawa. Anayenda nacho pakati pa anthu, pulasitiki ikulira, mpaka pamene panali eni ake. A Douglas anayesa kuimirira, mawondo anakana, anakhalanso pansi. A Daphne ndiwo anagwira mbali ya kumwendo.

"Ndapereka," anatero a Masauko, akuyang'ana holo yonse. "Aliyense waona. Pasadzamveke mawa kuti Masauko ali ndi nkhumba ya munthu."

"Talandira," anatero a Daphne. Koma sanakoke. Anaima choncho, nkhumba ili pakati pawo, kenako anatsitsa mawu, ngakhale m'holo mmene munalili chete kutsitsako sikunathandize. "Alamu, Lachitatu ndili ofu. Mubwere kunyumba ndi achemwaliwa. Tili ndi nkhani."

Nkhoswe yodziwa ntchito siyankha msanga. A Masauko anasuntha nkhumba pang'ono kuti ikhale bwino pamkono.

"Nkhani ya banja sitikamba ndi munthu mmodzi, alamu. Bambo akakhalapo?"

Maso onse anapita kwa a Douglas.

"Lachitatu ndili ndi semina ya," anayamba a Douglas. Anakumana ndi maso a akazi awo. Anamasula sikafu m'khosi, napukuta nayo nkhope. "Ndikakhalapo, achimwene."

"Tifika folo koloko. Tiyi wopanda shuga."

Atatero a Masauko anaitana a Douglas ndi mutu kuti adzalandire mbali yawo. A Douglas anadzuka movutikira, nabwera akutsimphina, ndipo a Masauko anawatula katunduyo m'manja osawachenjeza za kulemera kwake. Anthu anapatuka kuwapatsa njira. Asanafike nayo pakhomo, a Douglas ndi a Daphne anali atayamba kale kukangana za amene atsogole.